Makona a Bokosi la Bambo

Tsiku limene tinaika bambo anga ndinadzuka kusanache. Sindinganene kuti ndinagona. Ndinali nditangotsamira khoma la m'siwa, mutu wa mayi anga uli paphewa panga, ndipo chimene chinanditsegula maso ndi kuzizira. Unali mwezi wa Julaye, chiperoni chikuwaza osaleka. Amayi a ku mpingo amene anachezera kuyimba anali atatopa. Ochepa okha ndi amene ankakokabe nyimbo chapansipansi, enawo atagona chokhala, zitenje zili kumutu. Thupi la bambo linali pamphasa pakati pa chipinda, litafunditsidwa nsalu yoyera, nyali ikuyaka kumutu. Anali atamwalira dzulo lake m'mawa, pakhomo pomwepo, atadwala sabata imodzi osayankhula.

Ndinawagoneka mayi pang'onopang'ono n'kutuluka panja. Amuna anali atazungulira moto pansi pa mtengo wa peyala, majekete atakwezedwa mpaka m'makutu. Kuseri kwa khitchini azimayi anali atayamba kale kusonkha moto pa mafuwa, koma nkhuni zinali zonyowa ndipo utsi unkangokwawa pansi. Ena ankabwera ndi ndowa za madzi kuchokera ku mjigo, ena ankasankha nandolo, wina akusenda chinangwa choti anthu amwere tiyi. Adzukulu anadutsa ndi makasu paphewa kupita kumanda, osayankhula ndi munthu. Phiri silinkaoneka n'komwe. Nkhungu inali itatsika mpaka m'minda ya tiyi.

Bambo anabwera kuno ali kamnyamata, kuthawa nkhondo ku Mozambiki, pamodzi ndi amayi awo ndi mlongo wawo wamkulu. Nkhondo itatha mlongo wawoyo anabwerera ku Milange, koma iwo anatsala, nakwatira mayi anga m'mudzi wathu kufupi ndi Milonde. Anayamba ndi kuthyola tiyi, kenako anaphunzira ukalipentala. Zaka zomaliza za moyo wawo sankapanganso mipando kapena zitseko. Ankakhoma siling'i m'nyumba za anthu, ndipo chimene anadziwika nacho ndi konisi, timatabwa tosemedwa tija timene amaika pomwe khoma limakumana ndi siling'i. Anali ndi sowo ya magetsi yodulira makona imene anagula kwa munthu wina ku Muloza. Ankaimangirira pa njinga ataikulunga m'bulangete, ndipo kukagwa mvula iwo ankalolera kunyowa bola sowoyo ifunde.

Tinabadwa ana aakazi okhaokha, ine woyamba. Banja langa litatha ndinabwerera pakhomo ndi ana awiri, ndipo bambo, poona kuti ndikungokhala, anayamba kunditenga ku ntchito. Poyamba ndinkangowagwirira makwerero. Pofika chaka chino makona ambiri ndinkadula ndine, iwo akuyang'ana.

Kutayera, anzawo a bambo anatulutsa bokosi m'shedi ya kuseri kwa nyumba. Anali atachezera kulikhoma, motsogoleredwa ndi mkulu wina wa ku Nkando amene anaphunzira ntchito limodzi ndi bambo kalekale. Linali bokosi labwino, la paini, lopalidwa bwino, lotakata pamapewa, lochepa kumutu ndi kumiyendo. Analiika pakhonde kuti abale alione asanalipake vanishi.

Mayi anatuluka atagwiridwa ndi azimayi awiri. Analizungulira bokosilo akulisisita ndi chikhatho. Kenako anaima, nayang'ana mkulu wa ku Nkando uja.

"Mwagwira ntchito, achimwene, Mulungu akudalitseni," anatero. "Koma munthu amene wakongoletsa nyumba za eni ake moyo wake wonse apite m'nyumba yopanda konisi?"

Tonse tinkadziwa kuti m'shedi muja, pamwamba pa mitanda ya denga, munali makonisi amene bambo anasungira nyumba yathu. Siling'i anakhoma kalekale, koma konisi ankangoti ndidzaika ntchito za anthu zikadzachepa. Sizinachepe.

Mkulu uja anavula chipewa n'kunena moona kuti iye ndi wa zitseko ndi mabedi. Anati makona a bokosi si ofanana ndi a nyumba, ndipo sowo ya malemuyo sanaigwirepo. Matabwawo ndi ochepa, akawaononga sapeza ena m'mawa umenewo. Mayi sanatembenuke n'komwe. Anangotchula dzina langa.

Atsibweni anga, mchimwene wawo wa mayi, ndi amene ankayendetsa zonse pamaliropo. Anandiitanira pambali pamodzi ndi mayi. Sanakalipe. Anayankhula motsitsa, maso ali pansi.

"Mlongo wanga, mwana sakhomera bambo ake bokosi. Ndiponso ndi wamkazi, malo ake ndi m'siwa, pambali pa iwe. Anthu akutiona."

"Anamugwiritsa sowo ndi eni akewo," anayankha mayi. "Akadaona kuti n'zolakwika, sakadatero."

Atsibweni anatisiya pomwepo. Anapita kukanong'onezana ndi akuluakulu a pamoto paja, ndipo pobwera anati ine ndidule, koma msomali ndisakhome ngakhale umodzi. Kukhoma akhome mkulu wa ku Nkando. Nthawi inalipo, chifukwa tinkadikirabe azakhali a ku Milange, amene uthenga unawapeza mochedwa.

Kwathu kulibe magetsi. Tinabwereka jenereta imene a mpingo anabweretsa kuti iyendetse zokuzira mawu. Bokosi analibwezera m'shedi, ine ndinamanga chitenje mwamphamvu m'chiuno, n'kuvundukula bulangete lija. Pa chogwirira cha sowo panali pothimbirira, pomwe dzanja la bambo linkakhala. Ndinatsitsa makonisi aja n'kuwapukuta fumbi ndi ndowe za makoswe. Ndinawayeza ndi maso ndipo ndinaona kuti akwanira, koma mosatsala kanthu kambiri.

Kona ya chipinda chomangidwa bwino sivuta. Umatembenuza sowo kufika pa madigiri 45, mbali iyi ndi mbali inayo, zikakumana zatha. Koma bambo sankakhulupirira khoma lililonse. Ankati omanga nyumba amanama, ndipo kona iliyonse uziifunsa yokha. Bokosi ndiye linalibe kona yowongoka ngakhale imodzi. Pamapewa linkangopindika pang'ono, kumutu ndi kumiyendo linkapindika kwambiri, koma osafika pa sikweya ngati kona ya chipinda. Ndinachita monga anandiphunzitsira. Ndinagoneka chivundikiro chagada, n'kuika bokosi pamwamba pake chozondoka. Ndinatsamiritsa kachidutswa ka konisi mbali imodzi ya kona, n'kulemba mzere ndi pensulo pa chivundikirocho, kenako mbali inayo chimodzimodzi. Pomwe mizere iwiriyo yadutsana, ukalumikiza ndi nsonga ya kona, ndiye njira imene mpeni wa sowo uyenera kudutsa. Ndinatero pa makona onse, ndikugwada m'utuchi, mkulu uja akundigwirira bokosi.

Konisi samadulidwa mmene amakhalira pakhoma. Umamuzondotsa. Mbali yokhudza siling'i imagona pansi pa sowo, yokhudza khoma imatsamira chitsulo cha kumbuyo. Choncho kumanja kumasanduka kumanzere, ndipo munthu amene mutu wake suli pamodzi amasokonezeka. Ndinkazidziwa zimenezi ngati dzina langa. Ndinatenga thabwa lalitali, loyenera kuchoka paphewa kufika kumiyendo, ndinaligwira ndi dzanja lamanzere, n'kutsitsa mpeni.

Sowo ija inalira. M'shedi ya malata phokoso lake limaboola m'makutu, ndipo m'mawa umenewo linamveka mudzi wonse. Nyimbo ya m'siwa inaduka. Ndisanachotse dzanja ndinamva mayi akukuwa, kulira kumene sanalire dzulo lake, ngakhale pamene bambo ankatsirizika. Phokoso limenelo ndi limene linkawadzutsa masiku amene bambo ankabwereka jenereta n'kudulira ntchito pakhomo. Ankaitana bambo monga ankawaitanira tsiku ndi tsiku: "Abambo ake ana! Abambo ake ana, mwayamba kale ntchito?" Azimayi onse m'nyumbamo anabuma nawo, ndipo kulirako kunafalikira mpaka kwa ophika.

Ndinazimitsa sowo. Nditakweza thabwa lija n'kuliyeza pa bokosi, ndinaona kuti ndadula mobwerera. Nsonga imene inayenera kutuluka kunja inali italowa m'kati, ndipo kulikonza kukanalifupikitsa. Ndinakhala pansi m'utuchimo, thabwa lili pamiyendo, n'kulira. Mkulu wa ku Nkando sanandiletse. Anatenga thabwalo, naliyeza kumutu kwa bokosi, nati, "Mayi, silinatayike ili. Lituluka la kumutu ndi la paphewa limodzi. Koma linalo musaliphonye."

Ndinkaganiza zosiya. Ndinaona kuti ndikuwapweteka mayi, ndiponso kuti atsibweni ananena zoona. Nthawi yomweyo mng'ono wanga anaonekera pakhomo la shedi, maso atatupa, nati mayi akuti ndipitirize, akufuna kuimvanso sowoyo.

Ndinapukuta nkhope ndi chitenje. Pa thabwa lililonse ndinayamba ndalemba kamzere kosonyeza kumene mpeni upendekere, ndipo ndisanadule lenileni ndinkayesa pa tizidutswa ta thabwa loonongeka lija. Pamapewa sowo inkangotembenuka pang'ono kuchoka pakati. Kumutu ndi kumiyendo inkatembenuka kwambiri. Nthawi iliyonse imene mpeni unatsika, amayi a ku mpingo ankakweza nyimbo, mpaka sowo ndi nyimbo zinkamveka pamodzi. Ndikadula, mkulu uja ankapaka guluu n'kukhoma ndi timisomali tating'ono pansi pa mlomo wa chivundikiro. Makona a kumutu anakumana bwino. A pamapewa anakumana moti mzere sunkaoneka. Kona imodzi ya kumiyendo inasiya kampata kolowa chikhadabo. Bambo akadandiuza kuti ndidulenso, koma thabwa linali litatha. Mkulu uja anasakaniza utuchi ndi guluu, namata ndi chala chake, n'kupalapo ndi sanipepa. Anzake anapaka vanishi, ndipo ine ndinafunditsa sowo n'kubwerera m'siwa. Ndinakhala pansi pambali pa mayi. Anangogwira dzanja langa n'kuliika pachifuwa pawo.

Pofika nthawi imeneyo anthu anali atadzaza pabwalo mpaka m'munda wa chinangwa. Ena anabwera wapansi kuchokera m'midzi yozungulira, ena pa njinga za kabaza, matope ali m'miyendo. Kunabwera lole yaing'ono kuchokera ku Nkando itanyamula amisiri, omanga nyumba ndi opaka penti amene bambo ankakumana nawo m'ntchito. Kunabwera azibambo okalamba amene anathyola nawo tiyi, atavala makoti akale, n'kukhala pamodzi pa benchi akuyankhula Chilomwe. Kunabweranso anthu amene sindinkawadziwa dzina koma nyumba zawo ndinkazidziwa m'kati, chifukwa ndinakwerapo pa makwerero m'zipinda zawo. Mayi wina wonenepa, wovala nsapato za mtauni, anavula nsapatozo pakhomo n'kukagwada m'matope kutsuka mbale pamodzi ndi azimayi a m'mudzi.

Azakhali anafika dzuwa likadayenera kukhala pamutu, koma dzuwalo silinatuluke tsiku lonse. Anatsika pa njinga patali, pomwe panali nthambi zoikidwa pamsewu, n'kuyamba kulira ali komweko. Ankalira m'Chilomwe, akutchula dzina la bambo la paubwana limene ine sindinalimvepo. Anali atakalamba kwambiri kuposa mmene ndinkawakumbukirira. Nditawayang'ana pamphumi ndi pakamwa ndinaona bambo, ndipo ndinatembenukira kukhoma.

Atatha kusambitsa thupi ndi kuliveka, analowetsa bokosi, vanishi akadali womata. Bambo anawaveka suti yawo ya ku tchalitchi. Poona nkhope tinayamba ndife a m'nyumba. Azakhali anawerama nthawi yaitali, kenako anayendetsa chala m'mbali mwa bokosi, potsata konisi uja, mpaka pakona ya paphewa. Anafunsa amene wachita zimenezi. Wina anandiloza. Anandiyang'ana, nagwedeza mutu, n'kupitirira.

Mwambo wa mapemphero unachitikira panja, anthu atafunda mapepala apulasitiki ndi maambulera. Oyankhula anayesetsa kufupikitsa chifukwa cha mvula. Woimira amisiri ananena kuti malemuwo sankachoka panyumba ya munthu kona isanakumane, ngakhale kude. Atsibweni anathokoza anthu, nafotokoza za matenda, ndipo pamapeto pake anathokozanso amene anakonza bokosi, osatchula dzina. Abusa analalikira mwachidule. Zambiri sindinazimve. Ndinkangoyang'ana madontho a mvula akutsetsereka pa chivundikiro.

Manda athu ali kuseri kwa munda wa tiyi, ndipo njira yake ndi yopapatiza. Amayi a ku mpingo anatsogola ndi nkhata za maluwa, bokosi pambuyo pawo, ife kumbuyo kwa bokosi. Amuna ankalandirana paphewa popanda kuima. Amisiri aja ankalimbirana kuti aliyense anyamuleko. Dothi lofiira linali loterera, ndipo pokwera kamtunda wina anagwada ndi bondo limodzi, koma anzake anagwira, bokosi silinafike pansi. Anthu ochepa amene ankagwira ntchito m'munda wa tiyi anaima, navula zipewa mpaka titadutsa. Mayi anayenda ulendo wonse ndi miyendo yawo, ine mbali iyi, azakhali mbali inayo.

Adzukulu anali atakumba pafupi ndi manda a agogo, amayi awo a bambo. M'dzenjemo munali mutalowa madzi, ndipo anayamba awakapa ndi chitini. Kenako awiri anatsikira m'kati n'kulandira bokosi. Ndinaliona likutsika, loyera pakati pa dothi lofiira, mpaka linakhala pansi. Dothi loyamba litagwa pa chivundikiro, ang'ono anga anagwa pansi ndipo azimayi anawanyamula. Ine ndinaima chilili. Misozi inali itathera m'shedi muja. Adzukulu anakwirira mofulumira, akulandirana makasu, mpaka mtumbira unakwera. Tinaika nkhata motsatana monga ankatiitanira. Azakhali anaika yawo, natapa dothi pang'ono la pa manda a amayi awo n'kuliwaza pa mtumbira wa mlongo wawo.

Pobwerera anthu anasamba m'manja, nadya, n'kuyamba kubalalika. Lole ya ku Nkando inanyamuka kusanade chifukwa cha msewu. A mpingo ananyamula jenereta ndi mabenchi awo. Nthambi za pamsewu zinachotsedwa. Pabwalo panatsala mapazi okhaokha m'matope, ndi mafuwa akuda akufuka utsi. Abale amene anatsala kudikira kusesa mawa lake anagona msanga, ena m'khitchini, ena kwa oyandikana nawo. Mayi ndi azakhali anagona pa mphasa imodzi m'chipinda chochezera, atafunda bulangete limodzi. Ana anga anali kwa mng'ono wanga.

Ndinakhala ndekha pakhonde kukuyamba kuda. Mvula inali italeka. Ndinaona munthu akubwera pa njinga, bambo wachikulire amene sindinkamudziwa. Anatsika mosangalala, napereka moni, nati wachokera kufupi ndi Muloza. Mwana wake wam'mangira nyumba, siling'i yatha, ndipo aliyense amene wamufunsa wamuuza kuti konisi akaike ndi mmisiri wa kuno. Anati wakhala akuyimba foni koma sikulowa, ndiye wangoti abwere yekha.

"Kaya amisiriwo alipo?" anafunsa.

Tsiku lonse panalibe munthu amene ndinafunika kumuuza za imfayi. Aliyense amene anabwera ankadziwa kale. Ndinati, "Bambo anamwalira dzulo. Taika lero."

Ndi pamene anayang'ana bwino pabwalo, naona matope opondedwa ndi phulusa. Anavula chipewa. Anatsamiritsa njinga kukhoma n'kukhala pansi kumapeto kwa khonde, manja ali pamaondo. Sanapepese ndi mawu ambiri, ndipo za nyumba yake sanazitchulenso. Tinakhala choncho, iye uko ine kuno, mpaka nkhuku zonse zinalowa m'khola. Ndinamuuza kuti agone, kwada. Anakana mwaulemu, nati ali ndi abale chapafupi. Anadzuka, nawomba m'manja mofatsa kuyang'ana kukhomo, n'kutenga njinga yake. Sanaikwere. Anaikankha mpaka anakhota pa msewu.

Ndinalowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Munali zii. Ndinkangomva kupuma kwa amayi awiri okalamba aja, wina msanga, wina pang'onopang'ono. Ndinaima mumdimamo ndikumvetsera, ndipo ndinazindikira kuti ndikudikira kupuma kwachitatu.